Agogo ankaikiza mbuzi ku Luchenza

Mufoni mwanga muli mawu a agogo anga aakazi otalika masekondi 47. Akuseka, akutsokomola pang'ono, kenako akundikalipira m'Chilomwe chifukwa ndawafunsa funso limodzimodzi kawiri. Chakumbuyo kukumveka tambala ndi wailesi ya aneba. Pa maola oposa 5 amene ndinawajambula kumayambiriro kwa chaka cha 2023, otsala ndi masekondi amenewa basi. Zina zonse zinapita ndi matope.

Kwathu ndi mudzi wina woyandikana ndi Mulanje Mission. Ndinabadwira pachipatala cha Mission, cha mpingo wa CCAP sinodi ya Blantyre, ndipo ndinakula ndikuona phiri tsiku ndi tsiku mpaka ndinasiya kuliona. Pano ndili ku Zomba, kumene ndikuphunzira mbiri yakale. Chaka chimenecho aphunzitsi anatipatsa ntchito yoti aliyense apeze munthu wachikulire, amufunse za moyo wake, ajambule mawu, kenako alembe. Anzanga ena anavutika kusaka nkhalamba. Ine ndinali nayo pakhomo.

Agogo anandiuza za makolo awo amene anaoloka kuchokera ku Mozambique kudzathyola tiyi m'maesiteti. Anandiuza za thangata, za njala ya 1949 imene inawapeza ali kamtsikana, za Napolo amene anatsika ku Phalombe mu 1991, ndiponso mayina a abale 11 amene manda awo palibe amene akuwadziwanso. Anaimba nyimbo zapamtondo zimene ngakhale mayi anga sanazimvepo. Ndinkajambula pafoni, madzulo n'kusamutsira pa laputopu, kenako n'kufufuta pafonipo chifukwa malo anali atachepa. Ndipo poti ndinkadziona wochenjera, ndinakoperanso zonse pa fulashi. Laputopu ndi fulashi zonse ndinaziika m'chikwama chimodzi, chikwamacho pansi pa bedi.

Namondwe wa Freddy anandipeza ndili kumudzi. Mvula inagwa masiku angapo osapuma, mpaka nthaka inakana kumwa madzi. Usiku wina tinamva khoma lakukhitchini likugwa, ndipo mayi anati tituluke mmene tilili. Ine ndinabereka agogo, mayi ananyamula mwana wa achemwali anga ndi bulangete limodzi. Tinakagona m'kalasi pasukulu ina yapafupi pamodzi ndi mabanja ambirimbiri. Pa 13 March boma linalengeza kuti maboma akummwera ali pangozi, Mulanje ali momwemo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Ndiye ndikamadandaula za laputopu ndimadziwa kuti ndikudandaula pakati pa anthu amene anaika ana awo m'manda. Ife tonse tinatuluka amoyo.

Chikwama chija tinachifukula patapita masiku 4. Fulashi sinapezeke. Laputopu ndinapita nayo kwa wokonza makompyuta ku Limbe, amene anaitsegula, n'kundionetsa matope ouma mkati mwa disk, n'kupukusa mutu. Kabuku ka agogo kakuchipatala nakonso kanali katasanduka phala. Titapita nawo kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi, anamwino anawafunsa kuti amamwa ati. Iwo anati, "Timapilitsi toyera tating'ono, mwanangu." Anamwino anayamba kuyeza zonse mwatsopano, moleza mtima, ngati akukumana ndi munthu amene sanadwalepo.

Ndinkati ndidzawajambulanso. Koma Freddy atapita agogo anasiya kulankhula zambiri. Ankangokhala padzuwa kuyang'ana pamene panali nyumba yathu. Ndinkati ndidikire akhale bwino, ndidikire mayeso athe, ndidikire tchuthi. Anamwalira mu August chaka chomwecho.

Nkhani ya makina inabwera pambuyo pake, pa tchuthi cha Khirisimasi, tili m'nyumba yatsopano yosapaka pulasitala. Achimwene anga aakulu amagwira ntchito yoyang'anira makompyuta pakampani ina ku Blantyre. Anabwera kumudzi, koma thupi lokha. Madzulo alionse ankakhala pakhonde, laputopu pamiyendo, foni ataikoleka pa msomali pamene netiweki imagwira bwino, akuyang'ana kamzere kamene kankayenda ngati nkhono.

"Achimwene, nsima ikuzizira. Mukudikira chiyani pamenepo, zotsatira za Maneb?"

"Ndikusamutsa nkhokwe," anatero. "Yafika pa 61 peresenti. Uwauze mayi andivundikirire."

Ndinakhala pansi, ndipo anandifotokozera. Kuntchito kwawo kuli makina otchedwa storage array. Ndi chimakina chachitali ngati firiji, chodzaza ndi ma disk ambirimbiri amene amagwira ntchito ngati nkhokwe imodzi. Ma seva onse a kampani amasunga zinthu zawo mmenemo: malipiro, ngongole, mayina a makasitomala, makalata. Makinawo anapangidwa moti disk imodzi ikafa, zotsalazo zimatha kubwezeretsa zonse zimene zinali pa yakufayo. Ali ndi polowera magetsi pawiri, ndipo chilichonse chofunika mkatimo chili ndi chinzake choyembekezera. Koma zonsezi zili m'chipinda chimodzi, pansi pa denga limodzi. Moto ukabuka, kapena madzi akalowa, zimapita zonse limodzi.

"Ngati laputopu ndi fulashi m'chikwama chimodzi," ndinatero.

Anandiyang'ana, osayankha. Kenako anapitiriza.

Kampani yawo inali itagula makina ena ofanana ndi oyambawo n'kukawaika ku Lilongwe. Ntchito ya achimwene inali yolumikiza awiriwa kuti chilichonse cholembedwa ku Blantyre chizikalembedwanso ku Lilongwe chokha, popanda munthu wonyamula fulashi. Ntchitoyi amaitcha replication. Makampani opanga makinawa ali ndi mayina awoawo: a NetApp amati SnapMirror, a Dell EMC amati SRDF, a IBM amati Metro Mirror ndi Global Mirror. Koma njira yake ndi yofanana. Choyamba makina awiriwo amadziwitsidwa kwa wina ndi mnzake ndi makiyi achinsinsi, kudzera pa chingwe cha fibre chimene kampani imalipira mwezi ndi mwezi. Chachiwiri, munthu amasankha zigawo za nkhokwe zoyenera kukopedwa, ndipo zigawo zodalirana amazimanga mtolo umodzi kuti ziziyenda limodzi. Achimwene anati zili ngati wagolosale amene akusamutsa katundu: shuga akafika kutsidya koma buku la ngongole latsalira, kapena lafika la dzana, ndiye kuti sakudziwanso amene anatenga shuga wangongole. Chachitatu ndi kukopera koyamba, kwa nkhokwe yonse, ndipo n'kumene ankadikira pakhonde paja. Anawerengetsa pamaso panga: ma terabyte 10, pa chingwe chonyamula ma megabit 100 pa sekondi, amatenga masiku oposa 9, chingwecho chikapanda kuduka. Ena amaona kuchedwa, n'kukopera koyambako makina ali pafupi, kenako n'kuwakweza galimoto. Kukopera koyamba kukatha, makina amangotumiza zimene zasintha.

Apa ndi pamene panali chisankho chimene achimwene anati chinawasowetsa tulo iwo ndi mabwana awo. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, synchronous, makina a ku Blantyre salola kuti ntchito ipitirire mpaka a ku Lilongwe atayankha kuti alandira. Motero mbali ziwirizi zimafanana nthawi zonse, ndipo tsoka likagwa palibe chotayika. Vuto lake ndi mtunda. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi m'chingwe cha fibre. Kuchokera ku Blantyre kufika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira 300, ndiye uthenga kupita ndi kubwera umatenga magawo osachepera 3 pa magawo 1,000 a sekondi, tisanawerengere kuchedwa kwa zipangizo zam'njira. Kwa ine ndi inu imeneyo si nthawi. Koma makina amene amalemba kambirimbiri pa sekondi imodzi, kulemba kulikonse n'kumadikira chonchi, amayamba kutsimphina, ndipo kalaliki pakauntala amaona kompyuta ikuzungulira. N'chifukwa chake njira imeneyi amaigwiritsa ntchito kwambiri pa malo oyandikana, monga mbali ziwiri za mzinda umodzi.

Njira yachiwiri, asynchronous, makina a ku Blantyre amapitiriza ntchito osadikira, n'kumatumiza zosinthazo pambuyo pake, mwina mphindi 5 kapena 15 zilizonse. Mtunda susokoneza. Koma tsoka likagwa, zimene zinalembedwa m'mphindi zomalizazo zimapita. Achimwene anati asanagwire batani lililonse, anafunsa mabwana awo mafunso awiri. Kodi mungalole kutaya ntchito ya nthawi yaitali bwanji? Nanga mungapirire kukhala osagwira ntchito kwa maola angati? Bwana wina anayankha kuti sangalole kutaya kalikonse ngakhale kuima mphindi imodzi. Ataona mtengo wake, anati mphindi 15 n'zabwinobwino.

Mayi anali atatuluka ndi nsima ija, atatopa kuivundikira. Anamvetsera pang'ono, n'kuseka.

"Ndiye n'kuikizatu kumeneko. Agogo anu ankachita zomwezo ndi mbuzi."

Ndinali nditaiwala. Agogo anali ndi mng'ono wawo amene anakwatiwa cha ku Luchenza, kutsidya kwa Thuchila. Mbuzi ikaswa, mwana mmodzi wamkazi ankamupititsa kumeneko. Nkhuku nazonso chimodzimodzi, kuopa chitopa, chimene chikalowa m'mudzi chimasesa makola onse. Mbewu ya nandolo ndi ya chimanga cha makolo ankaigawa pawiri, ina patsindwi pamwamba pa moto, ina m'chitini kwa mng'ono wawo uja. Chaka cha njala cha 2002 akuba anatsegula khola lathu usiku n'kutenga mbuzi zonse 4. Agogo analira tsiku limodzi, tsiku lachiwiri anamanga chitenje n'kupita ku Luchenza, ndipo anabwera akukoka chingwe. Mbuzi zonse zimene ndinakula ndikudyetsa zinachokera kwa imeneyo.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti malamulo amene agogo ankatsata ndi omwewo amene achimwene anali kuwerenga m'buku lachingerezi la masamba mazanamazana.

Loyamba, woikiza saikiza kwa aneba. Khola la aneba limaona wakuba yemweyo, chitopa chomwecho, mtsinje womwewo. Mu March 2021 moto unabuka pamalo osungira deta a kampani ya OVHcloud mumzinda wa Strasbourg ku France. Nyumba imodzi yodzaza ma seva inapseratu, ina inaonongeka mbali. Makasitomala ena anataya zonse chifukwa makope awo osungira ankasungidwa pamalo omwewo. Kwathu kuno Freddy anatiphunzitsa kuti ngakhale makilomita 60 kapena 70 si mtunda wokwanira nthawi zina. Mvula imene inagwetsa khoma lathu ku Mulanje ndi yomweyo imene inagumula phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu January 2022, namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya ma megawatt pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Munthu wofuna kusunga zinthu za ku Mulanje ayenera kuganiza za malo amene sali pansi pa mtambo umodzi ndi Mulanje, ndiponso amene ali ndi magetsi akeake akazima a Escom.

Lachiwiri, mbuzi yoikiza imafuna kuyendera. Chaka chilichonse akakolola, agogo ankapita ku Luchenza ati kukacheza, koma asanakhale pamphasa ankayamba adutsa kukhola. Anthu ambiri amaikiza chiweto n'kukhala zaka, tsiku lofuna kukachitenga n'kuuzidwa kuti chinadyedwa ndi fisi kalekale. Achimwene anati makina nawonso amanama. Kamzere kangaonetse zobiriwira miyezi yonse pamene kope la kutsidya silingathe kudzutsa ntchito. Njira yokha yodziwira ndi kuyesa: Loweruka lina usiku kuzimitsa dala mbali ya Blantyre, kudzutsa ya Lilongwe, kuona ngati malipiro akuoneka, kenako kubwerera. Anati makampani ambiri amaopa tsiku limenelo, ndiye amangolizengereza.

Lachitatu ndi limene linandivuta kumvetsa. Kope limene limatsatira mwini wake pa chilichonse limatsatiranso matenda ake. Munthu akafufuta faelo molakwitsa ku Blantyre, makina okhulupirika aja amakaifufutanso ku Lilongwe. Mbava zapaintaneti zikalowa n'kutseka deta yonse kuti zilipidwe, makina amakopera kutsekako mwaulemu. Mu June 2017 pulogalamu yoononga yotchedwa NotPetya, imene inayambira ku Ukraine, inalowa m'makompyuta a Maersk, kampani ya ku Denmark ya sitima zapamadzi zonyamula makontena. Ma seva pafupifupi 150 amene ankasunga mayina ndi zilolezo za ogwira ntchito onse ankakoperana okhaokha padziko lonse, ndipo anafufutika nthawi imodzi. Inapulumuka imodzi yokha, ku ofesi ya ku Ghana, chifukwa magetsi anali atazima kumeneko ndipo inali isanalumikizidwenso. Disk ya seva imeneyo anachita kuinyamula pandege mpaka ku England kuti kampani idzukenso. Achimwene amaikonda nkhaniyi. Amati ndi tsiku lokhalo limene kuzima kwa magetsi mu Africa kunayamikiridwa ku Ulaya. Phunziro lake n'lakuti pambali pa kope loyenda limodzi ndi mwini wake, pamafunikanso zithunzi za mmene nkhokwe inalili dzulo, sabata yatha, mwezi watha, zimene amazitcha ma snapshot, ndiponso kope lina losalumikizidwa ku chilichonse. Agogo sankabweretsa nkhuku za ku Luchenza kuti zidzacheze ndi zathu. Ankadziwa chifukwa chake.

Mwina mukufunsa kuti zonsezi zikumukhudza bwanji wophunzira mbiri yakale, amene ntchito yake ndi kufwenthera fumbi m'mafaelo. Ndinayamba kuona kuti maphunziro anga onse aima pa nkhani yomweyi. Mu 1919 moto unatentha maofesi a boma la atsamunda ku Zomba, ndipo zolemba zambiri za zaka zoyambirira za Nyasaland zinapsa. Lero wofufuza zaka zimenezo amadalira kwambiri makalata amene abwanamkubwa ankatumiza ku London, amene akusungidwa ku Kew, komanso zimene amishoni a ku Scotland, omwe anayambitsa Blantyre Mission ndi Mulanje Mission, ankatumiza kwawo ku Edinburgh. Kumeneko kunali kuikiza kwa pa sitima yapamadzi, kochedwa ndi miyezi, koma kunagwira ntchito. Vuto ndi loti chinapulumuka ndi chimene mzungu anaona kuti n'choyenera kukopera. Misonkho yalembedwa. Madandaulo a eni maesiteti alembedwa. Mayi amene anaoloka Ruo ndi mwana kumbuyo kudzathyola tiyi amaoneka ngati nambala, akaoneka n'komwe. Nkhani yake inali ndi kope limodzi lokha, m'mutu mwa mdzukulu wake. Kope lachiwiri ndinalipanga ine, n'kuliika pansi pa bedi.

Ndipo si zakale zokha. Pa 18 December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa. Mabuku osindikizidwa kunja anthu akufuna kwabwino anatumiza ena. Koma kafukufuku wa ophunzira amene analipo kope limodzi ndani angamutumize? Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo, ndipo mu February chaka chimenecho Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makompyuta a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko analowedwa ndi mbava zimene zinkafuna dipo. Anthu amene anapeza sukulu kapena ntchito kunja anangokhala kudikira. Pamene zikalata za dziko zikusamukira m'makompyuta, funso la kumene kuli kope lachiwiri limasanduka funso la ngati munthu angayende, angalandire malipiro, angatsimikize kuti munda ndi wake.

Sindikunena kuti palibe chikuchitika. Kuyambira mu 2001, bungwe la Baobab linayamba kuika makompyuta ogwira ndi chala pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo njira imeneyo inafalikira m'zipatala zambiri, makamaka kumene anthu amalandira ma ARV. Ndi chifukwa chake timabuku tina takuchipatala tili ndi kapepala ka mizeremizere komatidwa pachikuto. Mu July 2022 boma linatsegula malo a dziko osungira deta ku Blantyre, omangidwa ndi Huawei. Izi ndi nkhokwe, ndipo n'zofunika. Funso limene ndikufuna kuti tizifunsa nduna, aphungu, akuluakulu a sukulu ndi a zipatala ndi la agogo lija: nanga inayo ili kuti, ndipo munapita liti kukaiona?

Mnzanga wina wa m'kalasi, amene amaphunzira za chuma, ananditsutsa titakambirana nkhaniyi, ndipo sanalakwe kwenikweni. Anati dziko limene chipatala chimasowa panado silingagule mafiriji awiri a ma disk. Makinawa amagulidwa ndi madola, chilolezo chake chimalipidwa ndi madola, ndipo mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ndikuvomereza. Ngakhale kuikiza mbuzi kuli ndi mtengo wake, chifukwa wosunga amatengako mwana mmodzi ikaswa. Koma agogo sankaikiza chilichonse. Mphasa sankaikiza, mtondo sankaikiza. Ankaikiza chimene chikatayika sichingapangidwenso: mbewu ndi chiweto choswa. Chipatala cha kumudzi sichikufunika makina ngati a banki. Mndandanda wa odwala shuga, kuthamanga kwa magazi ndi HIV, ndi mankhwala amene aliyense amamwa, ndi deta yochepa kwambiri, yoti ingatumizidwe usiku uliwonse pa netiweki ya foni. Chodula kwambiri ndi munthu woti aziyang'anira, ndi mtima woti ntchito yosaoneka imeneyi ikhale mu bajeti chaka chimene kulibe namondwe.

Pali nkhawa inanso imene ndimaimva kwambiri monga munthu wokulira pafupi ndi chipatala, kumene aliyense amadziwa amene walowa khomo liti. Kope lililonse ndi khomo linanso lolowera wakuba. Chinsinsi cha matenda a munthu chikakhala ku Mulanje, ku Lilongwe ndi pa seva ina ku Ulaya, ndani angachione? Mu 2024 dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu. Lamulo ndi chiyambi chabe. Achimwene anandionetsa kuti deta imene inkayenda pa chingwe chija inali yobisidwa ndi makiyi, moti wodula chingwe pakati sangawerenge kanthu. Koma makiyiwo ali ndi munthu, ndipo munthuyo ali ndi abale, ngongole ndi mabwana. Agogo ankaikiza kwa mng'ono wawo, amene ankadziwa mtima wake kuyambira ali ana. Ifenso tiyenera kudziwa amene tikumusungitsa, dziko limene ali, ndi khoti limene lingamuitane.

Apa ndi pamene ndikuona kuti ife a maphunziro a mbiri, zilankhulo ndi chikhalidwe tili ndi gawo, ngakhale timakonda kunena monyada kuti za makompyuta sitizidziwa. Achimwene amadziwa kulumikiza makina, koma sasankha zokopedwa. Amapatsidwa mndandanda, ndipo mndandandawo umalembedwa ndi amene ali ndi ndalama zoti ataye. N'chifukwa chake ngongole ya munthu ili ndi makope atatu m'mizinda iwiri, pamene kaundula wa ubatizo wa zaka 100 ali m'kabati imodzi muofesi ya abusa, pansi pa malata odontha. Mabuku a mafumu olembamo malire a minda, matepi akale a nyimbo, kafukufuku wa ophunzira a chaka chomaliza, zithunzi za m'masitudiyo a ku Chitakale: ngati ife sitinena kuti izi nazonso ndi mbewu, palibe injiniya amene adzauzidwe kuti aziikize.

Kukopera kwa achimwene kunatha pa 29 December cha m'ma 2 koloko usiku. Ndinamva akuomba m'manja okha pakhonde, agalu n'kuyamba kuuwa. Mmawa mwake ananditenga foni n'kunditsegulira malo osungira zinthu paintaneti, n'kundiuza lamulo limene amati aliyense wa ntchito yawo amalidziwa: makope 3, pa zipangizo za mitundu 2, limodzi likhale kutali. Pano ndikulemba kafukufuku wanga womaliza, wokhudza amayi othyola tiyi. Ndajambula amayi 9 a ku Mulanje ndi Thyolo. Ndikangomaliza kucheza nawo, ndisanakwere kabaza, ndimagula bandulo n'kutumiza. Lachisanu lililonse ndimakopera pa disk imene imakhala kwa azakhali anga ku Chinamwali, ndipo kamodzi pa mwezi ndimatsegula faelo imodzi kuchokera kumeneko n'kuimvetsera mpaka kumapeto. Amayi aliyense ndimamusiyiranso mawu ake pa memori khadi, chifukwa ndi ake, ndipo adzukulu ake adzawafuna. Zimandidyera ndalama ya ndiwo. Anzanga a kuhositelo amandiseka kuti ndimasamala mafaelo kuposa chibwenzi.

Inu amene mukulemba kafukufuku wanu chaka chino, ndikudziwa pamene ali. Ali pa laputopu imene batire lake linafa, ndipo kope lake lili pa fulashi imene ili m'thumba la chikwama cha laputopuyo. Zinthu ziwirizi zimakwera minibasi imodzi, zimagona m'chipinda chimodzi, ndipo wakuba amazinyamula ndi dzanja limodzi. Dzitumizireni pa imelo lero lino. Ndipo ngati kwanu kuli nkhalamba imene mumati mudzaijambula pa tchuthi chikubwerachi, muiimbire foni madzulo ano.

Masekondi 47 aja ndinawapeza usiku umene achimwene ankandikonzera foni. Ankafufuza zina mu WhatsApp yawo, n'kuima, n'kundipatsa foniyo osanena kanthu. Ndinali nditawatumizira kachidutswako mu February 2023, kuti aseke mmene agogo ankandikalipira. Ndinali nditaiwala. Kanakhala mufoni mwawo ku Blantyre miyezi 10, m'nyumba ya lendi imene madzi sanafike. Tinaitana mayi. Anamvetsera kamodzi ataimirira, kachiwiri atakhala pansi, kenako anati tiwatumizirenso azakhali a ku Luchenza.